Mabawuti Afupi pa Msewu wa Lifuwu

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nyengo yokolola mpunga, pamene amayi anayamba matenda a uchembere. Azamba a m'mudzi mwathu ku Lifuwu anayesetsa mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenako anatuluka m'nyumba akupukuta manja. "Mwana wapingasa. Thamangirani kuchipatala ku boma."

Atate anali ku esiteti ya fodya. Amene anali ndi galimoto anali amalume anga, a Binisoni, ogula mpunga. Tinawagoneka amayi kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya azamba, ine kutsogolo ndi beseni ndi zitenje.

Tisanafike pa msewu wa tala, tayala lakumbuyo linaphulika. La sipeya linali lopanda mpweya kuyambira dzinja, ndipo amalume ankadziwa. Anagwada pafumbi thukuta lili chuchuchu, namamasula mabawuti anayi a tayalalo n'kumandipatsa kuti ndisunge. Anali otentha m'manja, akununkha girisi. Ine poopa kumva kubuula kwa amayi ndinayamba kuwerenga mmene sipanala inkazungulira. Bawuti lililonse linatuluka litazungulira kasanu ndi kawiri.

Kunatulukira galimoto yonyezimira ya mkulu wina wa chisoti choyera. Atasuzumira pawindo n'kuona amayi, sanafunse zambiri. Anatsitsa sipeya yake. "Mudzandibwezera ku boma komweko. Inshallah mufika."

Mabowo anafanana ndithu, anayi kwa anayi. Koma limu yake, chitsulo chovekapo tayala, inali yokhuthala pakati kuposa yathu yachitsulo chopyapyala ija, moti bawuti linkamira lonse mulimu, kansonga kokha n'kumatulukira kuseri. Amalume atazunguliza kawiri, sipanala inalimba.

"Malume, potuluka linazungulira kasanu ndi kawiri. Apa kawiri kokha."

"Iwe Nabanda, galimoto unaigula liti? Amako akufa, iwe uli pa masamu! Zagwira izi." Anaponda sipanala ndi phazi kuti ndione kulimba kwake.

Ndinakwera m'galimoto. Mwana wamkazi sabwereza mawu kwa amalume ake.

Tinayenda mtunda wochepa. Ndinayamba kumva gogogo pansi pa mpando, ndipo ndinawayang'ana amalume. Iwo anangowonjezera moto. Kenako galimoto inagwada mbali imodzi, chitsulo chikukanda miyala, ndipo ndinaona tayala lija likutipitirira lokha mpaka kukagwera m'munda wa chinangwa. Amayi anagwera pansi pakati pa mipando. Kulira kumene analira pamenepo sindinakumvenso kwa munthu wina.

Ndinakwawa m'fumbi kufunafuna mabawuti. Ndinapeza awiri, mazinga akunsonga atakumbuka ngati chimanga chodyedwa ndi mbewa. Ndinaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, koma panadutsa njinga zokhazokha. Potsiriza bambo wina anatsitsa matumba ake a mpunga pangolo, natinyamula pa liwiro la ng'ombe mpaka pa tala.

Amayi anapulumuka. Mwana anapitirira. Anali wamwamuna, ndipo anamuika amayi akuluakulu okhaokha, popanda wolira, monga mwa mwambo wake. Amalume anauza mudzi wonse kuti tayala la eni lija linali loipa. Anamwalira ali nkhalamba akukhulupirira zomwezo.

Lero ndili ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndipo zimati agogo ndi ovuta, sakhulupirira ngakhale wotchi. Zinene. Mkamwini wanga atagula malimu onyezimira a galimoto yake, ndinakhala pampando pagalaja mpaka makaniko anafananiza bawuti lakale ndi latsopano pamaso panga. Lalifupi siligwira, lalitali limakagunda mabuleki mkati. Tayala lililonse lili ndi bawuti lake.

Chimene ndinamvetsa nditakula n'chakuti amalume sanandinamize. Wabodza amaonekera m'maso, umamuzemba. Woopsa ndi munthu wokukonda, wofulumira, amene watsimikiza mumtima mwake. Ndipo ine amene ndinaona bwinobwino ndinangolankhula kamodzi.