Masiku Amene Zitini Zanga Zinakhala Chete

Chaka chimene amuna anga anamwalira ndinawokera mpunga mochedwa. Maliro anatidyera mvula yoyamba, ndipo pomwe ndinkalowa m'matope ndi mbande zanga, wa anzanga unali utafika kale m'mawondo. Inali nthawi ya Chitaganya, ife tikukhala m'mbali mwa nyanja ya Chia. Munda wanga unali wotsiriza, wogundana ndi bango.

Amuna anga anali a ku Karonga, ndipo anandikwatira mwa mwambo wakwawo, ng'ombe zinaperekedwa. Kwathu kuno mwana ndi wa mayi, koma kwawoko ng'ombe zikapita, mwana amakhala wa kuchimuna. Tinali ndi mmodzi yekha, wamkazi, amene nthawiyo anali akugweluka mano akutsogolo. Maliro atatha, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anandikhazika pansi.

“Mlamu, sitinabwere kudzakulandani mwana,” anatero. “Akhale ndi inu. Tidzabweranso mukakolola. Tikadzapeza chakudya m'nyumba muno, tidzabwerera tokha. Koma mwana wa mng'ono wanga asagone ndi njala ife tili moyo.”

Sanali munthu woipa, ndipo mawu awo sankabweza. Chinangwa changa chinali chitawola ndi madzi osefukira, choncho zonse zinatsamira pa mpunga uja.

Amene sanalimepo mpunga amayesa kuti ntchito yaikulu ndi khasu. Ayi ndithu, ntchito yaikulu ndi mbalame. Ngala zikayamba kudzaza mkaka, mpheta zimabwera ngati utsi, ndipo munthu umasamukira kumunda. Timamanga nsanja, n'kukoka zingwe kuchoka pansanjapo kukafika m'makona onse, n'kumangirira zitini zokhala ndi timiyala. Ukakoka chingwe, munda wonse umalira. Kuyambira m'mawa umakuwa mpaka mawu kusasa. Ine kukuwa ndinkakutha, moti amayi a munda woyandikana nawo ankati nditafuna ndingathe kuingitsa mbalame za ku Benga ndili pa Chia pomwepo.

Mpunga wanga uli pa mkaka, kunabwera mzungu. Ntchito yake sindinaidziwe. Anakhoma tenti pansi pa mkuyu, ali ndi khukhi wake womuphikira, bambo wachikulire wa ndevu zoyera amene ankamumasuliranso. Mfuti analibe. M'khosi mwake munkalendewera magalasi oonera patali, ndipo m'mawa uliwonse ankalowa m'madzi mpaka m'ntchafu n'kuima duu, kuyang'ana bango. Tinkamuseka kuti mwina mkazi wake anathawira m'menemo.

Tsiku lina m'mawa khukhi uja anafika pansi pa nsanja yanga n'kuvula chipewa.

“Mayi, bwana akuti m'bangomu muli kambalame kosowa kamene kakufungatira mazira. Achokera kutali chifukwa cha iko. Akupempha kuti zitini zanu zikhaleko chete masiku ochepa okha.”

“Nanga mpunga wangawu, bambo?”

Anayang'ana ngala zija, kenako anayang'ana pansi. Mpunga ankaudziwa, zinkaoneka.

“Ine ndangotumidwa, mayi.”

“Mukawauze kuti uli pa mkaka.”

Anapita, analankhula nawo, ndipo mzungu uja anatembenuka n'kundikwezera dzanja uku akumwetulira. Zimene anauzidwa sindikuzidziwa. Ana a masiku ano akamva nkhaniyi amandifunsa kuti bwanji simunangokana. Amafunsa chifukwa sanakhaleko. Masiku amenewo pempho la mzungu linali lamulo lovala bwino, ndipo ine ndinali mkazi wamasiye wopanda wondiimira pabwalo. Ndinamasula chingwe padzanja n'kuchikoleka pamtengo.

Anzanga a minda yakumtunda sanauzidwe kanthu, popeza anali patali ndi bango. Iwo anapitiriza kuliza zitini zawo monga mwa masiku onse. Mbalame si zopusa. Zonse zimene ankaingitsa kumeneko zinapeza kuti pali munda umodzi wa zii, ndipo zinatera mwanga. Ine ndi mwana wanga tinkayenda m'mizere mwakachetechete tikugwedeza nsalu, koma tikafika uku, izo zatera uko. Mwanayo ankayesa masewera, ankaseka atagwira pakamwa kuti bwana asamve.

Tsiku lina mzungu uja anatuluka m'madzi ali wosangalala kwambiri. Kambalame kake anali atakaona. Anabwera pansanja, navula magalasi aja m'khosi, n'kundipatsa ndi manja awiri. Khukhi anati, “Akuti muone nanu, mayi. Akuti muli ndi mwayi kukhala malo otere.”

Ndinawaika m'maso. Poyamba ndinangoona mbuu, kenako iye anapotoza kenakake ndipo dziko linandilumphira kumaso. Ndinaona kakowa ataima ndi mwendo umodzi kutsidya, nthenga iliyonse payokha. Ndinaona atsekwe akusambira, madzi akutsetsereka pamsana pawo. Ndinabadwira pamenepo, koma zinthu zimenezi ndinali ndisanazionepo chotero. Kenako dzanja langa linatsika pang'ono, ndipo ndinaona munda wanga. Mpheta imodzi inali itagwira ngala ndi timiyendo take, ikufinya njere imodziimodzi, mlomo wake uli mbee ndi mkaka. Inali yachikasu, ya maso ofiira, yokongola zedi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti kukongolako ndinakuonadi, ndipo ndinachedwa kuwachotsa magalasiwo.

Mzungu anafunsa kanthu. Khukhi anati, “Akuti mwaziona bwanji?”

“Muwauze kuti ndaziona.”

Mzunguyo ananyamuka mawa lake. Pochoka anandisiyira zitini zopanda kanthu za nyama ndi mkaka, zambiri ndithu, atamva kuti timazifuna. Ndinazimangirira pazingwe, ndipo zinkalira bwino kuposa zanga zakale. Ndinakuwa masiku onse otsalawo mpaka kukhosi kunatupa. Koma ngala yofinyidwa siidzazanso. Zinangoima chilili, zoyera, zopepuka, pamene za anzanga zinkawerama ndi kulemera.

Titamweta n'kupuntha, mphepo inatenga pafupifupi zonse. Zotsala sizinadzaze ngakhale mtanga. Mng'ono wanga anati tibwereke matumba kwa anansi tiwaunjike m'nyumba alamu akamabwera, tidzabweze akapita. Ndinaganizira, sindinama. Koma njala ya miyezi ya mvula sibwerekedwa matumba, ndipo amene akanaimva ndi mwana yemweyo.

Alamu anabwera nyengo ya mwera. Analowa m'nyumba, anayang'ana mtanga uja, anaviika dzanja n'kupukusa njere m'chikhatho. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanakalipa, bwenzi nanenso nditapeza poyambira.

“Mlamu, mwalimbana nazo, ndikuona,” anatero. “Mwanayu akakhale kwathu mpaka zinthu zikhale bwino. Kumenekonso ndi kwawo.”

Mwana wanga ndinamuluka tsitsi, ndinamumangira mpunga wokazinga pakansalu, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku Kota Kota kukadikira sitima ya pamadzi. Iye anali asanakwerepo sitima, choncho njira yonse ankangodumpha n'kumafunsa ngati mkati mwake muli nyumba. Atakwera bwato lopita kusitimako anandikuwira kuti ndisadye ndekha mapapaya a kuseri, abwera msanga. Ndinamuyankha kuti ndimusungira.

Zinthu sizinakhale bwino msanga. Chaka chotsatira ndinadwala, china madzi anamiza minda, ndipo ku Karonga kunali kutali kwa munthu wopanda womuperekeza. Uthenga unkabwera mwa apo ndi apo ndi anthu a m'sitima: wakula, wayamba sukulu, akumufunsira. Mzungu uja sindimusungira chidani chachikulu. Ndikhulupirira anafika kwawo n'kumasimba za malo abwino ndi mayi waulemu amene anamukhalira chete.

Mwana wanga anabwera ali mayi kale, khanda lili kumsana, mwamuna wake ali patsogolo ndi katundu. Anatipeza ine ndi mng'ono wanga titakhala pakhonde tikusenda chinangwa. Ine ndinamuzindikira akadali kumsewu, mayendedwe ake anali a bambo ake, ndipo mpeni unandigwa m'manja. Anafika, anatiyang'ana tonse awiri, wina kenako wina. Ndiye anagwada mwaulemu wonse pamaso pa mng'ono wanga, n'kumugwira dzanja, n'kunena kuti, “Amama, ndabwera.”