Kalavani ya mkamwini wanga pamtsetse

Kwathu munthu sulankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina amapatuka. Mwambo umenewu ine ndinapita nawo mpaka ku Gaithersburg ku Amereka, kumene mwana wanga wamkazi anandiitana kuti ndizikalera ana iye akakhala ku ntchito yake ya unamwino. Nyumba imodzi, khitchini imodzi, koma zaka zitatu zathunthu mawu anga ankadzera mwa mwana wangayo. Ndinkati, "Uwauze bambo a ana kuti chakudya chapsa," eni akewo ali chiimire pafiriji pomwepo, akumva zonse.

Mkamwini wangayo kwawo ndi ku Chipata, koma anakulira ku Lusaka. Masiku amenewo ankayendetsa galimoto ya kazembe wina m'tauni, ndiye nkhani ya matayala sankafuna kuuzidwa ndi munthu. Chaka china anagula kalavani yakale, kanyumba kokoka ndi galimoto, m'kati muli bedi ndi kasinki. Ati tizikaonera dziko. Dzikolo sitinalione, kalavani inangokhala kwa mnzake wina amene anali ndi bwalo.

Ndiye kunabwera amayi ake ochokera ku Zambia, asewere anga, ndi ana awo aakazi awiri. Nyumba inachepa. Anagwirizana kuti ine ndizigona m'kalavani masabata atatu. Sindinadandaule ayi. Chitseko changachanga, ndani angakane?

Koma panyumba pathupo panali pamtsetse. Kanjira kasimenti koimikapo galimoto kankatsika kuchoka pakhomo mpaka kumsewu kodutsa basi yasukulu. Inali nyengo yoti mitengo ikuyoyola masamba, kamvula kali wawawa, pansi poterera ngati therere. Mkamwini anaikoka kalavani ija n'kuiimika pamenepo. Asanaimasule ku galimoto, anatulutsa tizinthu tiwiri tapulasitiki, tachikasu, topepuka ngati moikamo sopo, n'kutiika kutayala limodzi lokha.

Ine ngolo ndimaidziwa. Malemu amuna anga ankatuta fodya pangolo, ndipo tikamasula ng'ombe pachitunda, woika mwala kutayala ndinali ine. Tsiku lina ndinachita ulesi n'kutola mwala wobulungira umene unali pafupi. Chala changa chachikulu chakuphazi mpaka lero chimayang'ana kumbali. Chinthu chamatayala chikamasulidwa sichidziwa mwini wake, chimangodziwa kumunsi.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana wanga. Kunalibe. Anali atapita kuntchito m'mawa, wobwera mawa lake. Ndinatembenukira kwa asewere.

"Asewere, tawauzani ana anuwa kuti timbale tawoto sitingagwire nyumba."

Asewere anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Imwe asebele, mwana wanga ayendetsa ma bwana! Muganiza sadziwa motoka?"

Mkamwini anatenga pepala limene linakutira tizinthu tija n'kuyamba kuliwerenga mokweza atayang'ana mtengo umene unamera pafupi, poti ine sangandiyang'ane. "Apa balemba ati vigwira bwino. Vilibe problem."

Ine ndinaona dzanja lake likupita pachitsulo chomasulira. Ndinaganiza za ine ndili gone m'katimo, kanyumba kakutsika nane kumsewu. Ndinayenda mpaka patayala, ndinakankha kapulasitiki kaja ndi phazi langa lopindika chala lomweli. Sindinamenye mwamphamvu. Kanatsetsereka pamasamba mpaka kukagwera mu ngalande.

Kenako ndinamuyang'ana m'maso. Koyamba chikwatirire mwana wanga.

"Bambo, pepala ine sindiwerenga. Koma ogona umu ndine, si pepala. Musamasule."

Asewere anagwira pakamwa. "Mayo! Alankhula na mupongozi!"

"Ndalankhula, ndipo sindinathe. Bambo, lizani galimoto ya mayi a ana tipite kusitolo. Ndikasankha ndekha."

Mkamwini anavula chipewa. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anangoti, "Chabwino, amayi."

Ndinakhala mpando wakumbuyo. Kusitolo ya zitsulo anandilozera pamene anatenga tachikasu tija. Ndinadutsa. Ndinkanyamula zotchingira matayala zina chimodzichimodzi, kuchiyesa m'manja, kuchiika pansi, kuchiponda. Mzungu wogulitsa anabwera ndi Chingerezi chake, ine ndinangomumwetulira n'kupitiriza. Pansi penipeni ndinapeza zamphira, zakuda, zolemera ngati mwana wa mphero, zonunkha tayala, kunsi kwake kuli mizeremizere yoluma simenti. Ndinaponda chimodzi n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse. Sichinasunthe.

"Izi. Zinayi."

"Viwili vikwana, amayi."

"Kanyumbako kali ndi tayala mbali imodzi yokha? Zinayi. Tayala lililonse kumunsi ndi kumtunda."

Titabwerera ndinagwada ndekha pamasamba onyowawo. Ndinayamba kumunsi, kumene ngolo imafuna kupita, n'kukhomerera chilichonse ndi chidendene mpaka chitakumbatira tayala. Ndipo ndinati amasule. Chitsulo chitachoka, kalavani inati gwede, kutsamira kumsewu, mphira n'kulira pang'ono. Inaima nji. Ndinawauza atsikana awiri aja alowe akadumphedumphe m'katimo. Anadumpha mpaka makapu kugwa, koma tayala silinayende ngakhale kachala.

Mawa lake mwana wanga asanavule n'komwe nsapato zakuntchito, asewere anali atamuuza kale kuti mayi ake aswa mwambo. Mwana wangayo anabwera kukalavani maso ali psuu ndi tulo.

"Amayi, zoona mwalankhula nawo?"

"Eya. Ukanakonda ndisunge ulemu, undipeze pansi pa basi?"

Anangoyang'ana zakuda zija n'kukagona.

Masabata atatu ndinagona bwino, chitseko changa ndikutseka ndekha. Alendo atapita ndinabwerera m'nyumba, ndipo za chakudya ndinayambanso kudzera mwa mwana wanga monga kale. Koma tsiku lobweza kalavani kwa mnzake uja, mkamwini anaima pakhomo, chipewa m'manja, n'kundiyang'ana ine mwini.

"Amayi, tiyambe kuchotsa viti, vakumunsi kapena vakumtunda?"

"Mangani kaye ku galimoto, bambo. Zakumunsi zichoke pomaliza."