Fumbi m'chipinda cha Anyang'ame

Ku labotale kwathu kunali mayi ena ofufuza za mankhwala amene tinkawatcha Anyang'ame, chifukwa poyenda sankamveka. Ntchito yawo inali yomeretsa timibulu ta mankhwala, tonyezimira ngati mchere. Ankasungunula ufa m'kabotolo, n'kukaika m'kabati, basi n'kumadikira kuti madzi aume okha. Ankati tizidutswa ta mankhwala timagwirana mofooka, ngati anthu ogwirana ndi nsonga za zala, ndiye ukangomenyetsa chitseko timatayana n'kugwirana mwanjira ina. Ine wotsuka mabotolo ndinakalipidwa kambirimbiri chifukwa cha masilipasi anga aphokoso.

Chaka china anali ndi mankhwala awiri apachibale. Oyamba anamera ngati singano. Funso linali lakuti achiwiriwo, paokha, amera chimodzimodzi kapena ayi. Botolo la singano analimata n'kulisunga pamwamba pa shelefu, chifukwa kafumbi kake kakangogwera mwa achiwiriwo, amangotengera maonekedwe, yankho n'kuwonongeka.

Kunyang'ama kuja anaphunzirira kunyumba. Amuna awo anali chilombo cha munthu, ndipo sindibisa, ndinkadana nawo koopsa. Masana ena anatulukira ku labotale atakhuta mowa, ati akufuna aone chimene mkazi amadzitsekera nacho m'chipinda. Anakankha chitseko ndi phazi, n'kuwagwira mayi aja duku pamodzi ndi tsitsi, n'kuwamenyetsa nkhope pa sinki. Dzino linagwera pansi. Bambowo ndinawaswa ndi mpando pamsana, ndipo sindidandaula, koma pogwa anakoka shelefu, botolo la singano lija n'kuphwanyika pakati pa chipinda.

Anyang'ame, magazi ali chuchuchu pa chovala chawo choyera, sanayang'ane n'komwe alonda amene ankakwekweretsa bambowo. Maso anali pansi.

"Musasese, asisi," anandiuza. "Mubalalitsa fumbi."

Linali litabalalika kale. Tinakolopa, tinapenta, koma mankhwala achiwiri aja ankangomera singano zokhazokha, ndipo palibe akanadziwa ngati n'chibadwa chake kapena ndi fumbi lija. Ukwati unatha, kafukufuku ujanso anathera pomwepo.

Papita zaka zambiri tsopano, ndipo mwezi watha ndinakawaona kwawo. Mwana wawo wamwamuna, wandevu kale, ankakangana ndi mkazi wake kukhitchini. Tinamva mbale ikusweka, kenako mbama, kenako chitseko chinamenyetsedwa mpaka kapu ya tiyi inagwedezeka patebulo. Anyang'ame anaigwira kuti isagwe.

"Asisi, uyutu ndinamusunga patali ndi bambo ake," anatero chapansipansi. "Ndiye n'chibadwa, kapena fumbi linali litalowa kale?"