Malaya Oyera a Amalume M'chigayo

Chaka chomwe dizilo anasowa, ine ndili Folomu 3, chigayo cha amalume kufupi ndi Chisepo chinayamba kununkhira tchipisi. Amalume ankatolera mafuta otsala kwa okazinga mbatatesi pamsika, n'kuwasefa pansalu, n'kusakaniza ndi kadizilo komwe apeza. Injini inkalira ndithu. Amayi odzagayitsa ankaseka kuti utsiwo ukuwamvetsa njala.

Woyendetsa chigayocho anali abambo anga. Paipi yotulutsa utsi inali itathyokera m'kati, ndiye utsi wonse unkangozungulira m'chipindamo, iwo ali momwemo tsiku lonse. Anayamba kutsokomola. Kenaka pokwera kachitunda ka kwathu ankaima kawiri, dzanja lili pachifuwa, mpweya ukulira ngati kamluzu. Akalavula, makhololo ankatuluka akuda.

Kudandaula sakanatha. Abambo ndi mkamwini m'mudzi mwathu; malo, munda, ntchito, zonse n'za kuchikazi. Amayi atayesa kunena, amalume anangoti, "Achemwali, amenewa ndi mafuta odya. Utsi wa chakudya unaphapo ndani? Alamu angozizidwa basi."

Kusukulu aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti m'njira ya mpweya muli timaubweya tosaoneka ndi maso, tomwe timasesa fumbi kulibweza kukhosi. Ndinafunsa ngati utsi wonunkhira bwino umatisiya timaubweyato. Anati injini ikawotcha mafuta, kaya ndi dizilo kaya a mpendadzuwa, mwaye umatuluka ndithu, ndipo timaubweyato timatopa nawo.

Ine kwathu amandidziwa. Ndine mtsikana uja anaika bilimankhwe m'chikwama cha wotsogolera kwaya. Mpaka pano sindimvetsa chomwe amalume, mkulu wa mpingo, anandipatsira ineyo malaya awo oyera a pa mgonero kuti ndiwachape. Loweruka m'mawa ndinachapa bwinobwino. Poyanika, ndinakawakoleka ali chinyowere pamsomali m'chigayo, kuseri kwa chitseko, molingana ndi mphuno ya abambo. Iwo anali kalikiliki ndi lamba wa injini, sanandione.

Madzulo ndinapinda malayawo, n'kukapereka kwa amalume ndi manja awiri, nditagwada mwaulemu wonse.

"Iwe mwana, wakolopera pansi malaya anga?"

"Iyayi amalume, sopo ndapaka kawiri. Angoumira mu utsi wa chakudya uja."

Anawatambasula. Anali otuwa, kolala yakuda bii, mafuta ali nyezinyezi. Anawanunkhiza.

"Akhalamo tsiku limodzi lokha," ndinatero. "Awa tichapanso. Nanga chifuwa cha abambo tichapa bwanji?"

Amayi anandikoka khutu mpaka kunyumba. Abambo, mwamanyazi, anati ndikapepese kwa eni mudzi. Ndinakana, ndipo sindinapepesebe. Lamulungu amalume anakhala kutsogolo ndi malaya abuluu pakati pa akulu anzawo ovala zoyera okhaokha. Ndisaname, nyimbo tsiku limenelo ndinaimba mokweza.

Lolemba kunabwera wowotcherera zitsulo. Paipi inatulukira kunja, kupitirira denga. Palibe anatchula za ine.

Koma chifuwa sichinathe. Kuchipatala anawapatsa abambo mankhwala opopera m'kamwa, n'kuwauza kuti ku utsi asabwererenso. Chigayo akuyendetsa wina tsopano. Ndikaweruka ndimawapeza pakhonde akuluka malichero. Ndikawaseketsa, kuseka kumasanduka kutsokomola kosalekeza mpaka misozi, ndiye masiku ano zopusa zanga ndimakachitira kutali, komwe iwo sangamve.