Belu la Bantomu

Belulo linali la chitsulo chopindidwa ndi hamala, mkati muli kabawuti, ndipo linkalira mosasa mawu. Linafika kwathu ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, lili m'khosi mwa ng'ombe, m'chilimwe china pamene ufa unkavuta ndipo ndalama zinkatha mphamvu zili m'thumba.

Amalume anatsika nayo pa lole kuchokera kummawa. Ine ndinali ndisanaonepo ng'ombe yamoyo, ndinkangodziwa mapazi ake pamsika. Itaima pakati pa nyumba ndi chimbudzi, bwalo lathu lonse linatha. Inali yofiira, linunda lake lofika pazenera, ndipo ikapuma fumbi linkathawa pansi. Ndinkaiopa, ndinkaikonda, ndinkaiwala ndi kudya komwe. Dzina lake linali Bantomu. Aphunzitsi anabweretsa kalasi lonse kudzaiona, ndipo tsiku limenelo nanenso ndinakhala munthu.

Ndi yokhayi imene inatsala m'khola la amalume. Boma linali litasiya kuthira mankhwala m'dibi, akuti mlimi azigula yekha, ndipo matenda a nkhupakupa anasesa zina zonse. Amalume anati agulitse iyi isanafe, akagule timathole tiwiri n'kuyambiranso. Anamva kuti ku Lusaka nyama ili pamtengo.

Wabutchala anabwera tsiku lomwelo. Anaizungulira, naitsina m'nthiti, natchula mtengo. Amalume anaseka n'kukana. Kumudzi amatero: ukakana, ng'ombe imabwerera kudambo, wogula n'kudzabwera atawonjezera. "Palibe vuto, ba mudala," anatero wabutchala, "tizakambilana mailo." Lero ndikudziwa kuti munthu uja sanayang'ane ng'ombe yokha, anayang'ananso bwalo lathu. M'chilimwe ku Kanyama kumamera miyala.

Mawa lakelo linatalika mpaka mwezi unakathera. Abutchala ena nawo ankangoti mawa, paja onse ankadziwana. Kubwerera nayo sikunatheke, chifukwa boma linali litaletsa kuyendetsa ziweto pamsewu wa kummawa. Ife ana tinkatola masamba a kabichi ndi makoko a nthochi kumsika, amayi n'kumakangana ndi anzawo papompi chifukwa cha zidebe za madzi a ng'ombe. M'mawa uliwonse amalume ankagwada n'kumafufuza nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, akuimba likhweru lotsika, ndipo chinyama chonse chija chinkatsinzina ngati mwana. Sindinaonepo chinthu chodabwitsa chotero. Nthiti zinayamba kuonekera, linunda linagwera kumbali, koma m'maso mwanga Bantomu ankangokulirakulira.

Wabutchala atabweranso, anatchula mtengo wosafika n'komwe pa woyamba uja. Timathole tija tinathera pomwepo. Amayi analowa m'nyumba, ndipo amalume anavomera ndi mutu. Kenaka anatenga madzi amene amayi anasungira kuphika, nasambitsa ng'ombe ija, nagwada kuifufuza m'makutu monga mwa masiku onse.

"Ba mudala, iyenda ku mpeni iyi," anatero wabutchala.

"Ndamva, bambo," anayankha amalume, "koma kwa ine siichoka ndi nkhupakupa."

Anamasula belu, ndipo Bantomu anadutsa m'kanjira kathu mwakachetechete, anthu akupatuka, ena atagwira pakamwa.

M'mawa mwake amalume ananyamula kachikwama kawo. "Achimwene, tengani belu lanu, mukamangire ina," anatero amayi. Iwo anangoti, "Musiyireni mwana."

Ndinaona ngati ndapatsidwa ng'ombe yonse. Ndinawathamangira mpaka kumsewu ndikuliza belu lija. Atalimva anatembenuka msangamsanga, likhweru litayamba kale pamilomo, kenaka linadukira panjira. Ine ndinkayesa akunditsanzika, ndiye ndinaliza kwambiri.