Supageti amene ndinadyetsa mlamu wanga

Chaka chimene ukwati wanga unatha ndinabwerera kwa amayi kumapiri a Ntchisi ndi sutikesi imodzi ndi nkhuku za mikolongwe. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndinkadzimva kuti pamudzi ponse wodziwa zinthu ndinali ine ndekha. Pakamwa panga panalibenso chotsekera. Amene ankandidziwa nthawi imeneyo sangatsutse.

Nkhukuzo zinkaikira ngati zapenga. Dzinja litafika msewu wa ku Boma unasanduka phala, ndipo bambo wa njinga amene ankadzatenga mazira analeka kubwera. Mazira anadzaza dengu, beseni, mpaka ndowa. Tinakazinga, tinawiritsa, tinapatsako abusa, koma ena anayamba kusukusa. Fungo la dzira losukusa m'nyumba ya malata ndi chilango, abale inu.

Apo ndinakumbukira mayi wina wa ku Ethiopia amene ndinkamwa tiyi pakanyumba kake ku Dzaleka, ndikuphunzitsa ku Dowa. Iye supageti sankagula wa m'mapaketi. Ankaunjika fulawa patebulo, n'kuboola pakati, n'kuswera mazira m'dzenjemo, kenako n'kukanda mpaka mikono kuwawa. Ine ndinachita chimodzimodzi ndi fulawa wa mandasi. Ndinafutukula ndi botolo, n'kupinda, n'kudula timizere ndi mpeni, n'kuyanika pachingwe m'khitchini mwanga. Ndinkachita zimenezi Loweruka m'mawa onse ali kumunda, choncho palibe amene anaona zimene ndinkathiramo. Amayi anati zikuoneka ngati nyongolotsi, koma atalawa ndi tomato ndi anyezi anabweretsanso mbale.

Panyumbapo panalinso mkazi wa mchimwene wanga, mtsikana wa ku Kasakula amene tinamutenga chitengwa. Anali wofatsa mpaka kunyansa. Mimba ziwiri zinali zitapita padera, ndipo yachitatuyi ndi imene inkayenera kugamula ngati akhale pabanja kapena abwerere kwawo. Sikuti ndikungoganizira ayi. Amayi ananena okha, iye ali pomwepo akupeta ufa.

Amayi anali a chigwirizano cha kutchalitchi, Baibulo silinkachoka kumutu kwa bedi, koma nkhani ya mazira sankasewera nayo. Woyembekezera sadya dzira. Akadya, mwana amabadwa wopanda tsitsi, mwinanso osalira n'komwe. Mtsikanayo ankakhulupirira zimenezi kuposa amayi amene. Ngakhale dengu la mazira ankalilambalala.

Koma mimbayo inkamusanzitsa chilichonse. Nsima, phala, mbatata, zonse zinkabwerera. Anaonda mpaka mphete inkavuka yokha. Tsiku lina anandipeza ndikupakula, n'kuima pakhomo akumeza malovu.

"Alamu, muli chiyani m'menemo?" anandifunsa.

"Fulawa ndi madzi basi," ndinatero. "Idya."

Anadya, ndipo sizinabwerere. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamusungira mbale yake, ndipo masaya anayamba kubwerera. Ndisanamizire chifundo chokha. Zinkandikoma kuti ndawapusitsa onse awiri. Ndinkadikira tsiku limene mwana adzabadwe ndi tsitsi lakuda bii, kuti ndidzaulule pagulu n'kuwaseka mpaka atachita manyazi.

Mwana anabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri, masana, mvula ikukhuthuka. Galimoto imene tinapeza inatitimira m'matope tisanafike kuchipatala, ndipo anabadwira momwemo. Sanalire. Titafika, namwino anati vuto linali kuthamanga kwa magazi, ndipo mayiyonso akanapita. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa za mazira. Anandiyang'ana modabwa kuti mphunzitsi angafunse zoterozo. Anati mazira sapha mwana, ndipo mwina ndi amene anamupatsa mtsikanayo mphamvu zopulumukira. Mawu amenewo ndinawamva ndekha.

Khanda lotere amakaliika m'manda ndi azimayi okhaokha, popanda nyimbo. Amayi atabwerako sanasambe n'komwe m'manja. Anaima pakati pa nyumba, mtsikanayo atagona pamphasa, mchimwene wanga atakhala pakhomo.

"Mutu wake unali see, tsitsi ngakhale limodzi," anatero amayi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Supageti wako uja, chimene chimamuchititsa chikasu n'chiyani?"

Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri tsitsi angalitenge kuti? Ndikanatha kunena zimenezo. Koma ndinaona mmene zikanathera: mkazi wosiyidwa ukwati, wopanda mwana, wadyetsa mlamu wake choletsedwa mobisa. Pamudzi pathu dzina la munthu wotero ndi limodzi, mfiti. Ndinalibenso kwina kopita. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira pakamwa.

"Ndi mazira, amayi," ndinatero. "Ndinamuuza kawiri konse. Anati nkhuli yamugwira, ndisakuuzeni."

Mtsikanayo anadzutsa mutu. "Alamu," anatero akundiyang'ana. Mwina ankadikira kuti ndibweza mawu. Ine ndinaonjezera kuti nthawi zina ankachita kubwera yekha ndi mbale. Zimenezo zinali zoona, n'chifukwa chake bodzalo linagwira. Mchimwene wanga anadzuka n'kupita kudimba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalankhulenso ndi mkazi wake.

Amayi sanamumenye kapena kumutukwana. Anangoleka kumutchula. Akapakula ankawerenga mbale zitatu, ndipo iye ankadzikokotera yekha mumphika. Amayi anzawo akabwera kudzapepesa, nkhani ankaifotokoza iye akumva, aliyense n'kumatsonya. Ine ndinkathira tiyi.

Patatha masabata atatu amalume ake anabwera kudzamutenga. Katundu wake anakwana m'chitenje chimodzi. Asananyamuke anabwera kukhitchini kwanga. Amayi anali pakhonde pafupi pomwepo akusenda mtedza, makutu ali tcheru.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "za zimene munanena zija sindikufunsani. Inu ndinu ophunzira, munalankhulanso ndi anamwino. Mungondiuza chimodzi. Ndi mazira aja anapha mwana wanga?"

Sankafunanso ukwati, kapena kuti dzina lake liyere. Ankangofuna kudziwa ngati mwanayo anamupha yekha. Yankho ndinali nalo, ndipo linali lalifupi. Koma ndikanati ayi, amayi akanafunsa kuti nanga ndakhala chete chifukwa chiyani masiku onsewa, ndipo bodza langa likanayamba kusomphoka. Ndinayang'ana pakhonde. Dzanja la amayi linali litaima m'lichero.

"Nanga ukufuna chikhale chiyani?" ndinayankha mokweza. "Unadya wekha."

Ndinaona pankhope pake kuti wakhulupirira. Anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, alamu." Kenako anasenza kachitenje kake n'kutsatira amalume ake.