Ana atatu mwa anayi alionse

Ntchito ndinaphunzirira kunyuzipepala, kumene nambala yopanda gwero sinkaloledwa. Choncho zimene ndinachita ku Nairobi sindinganene kuti sindinkadziwa.

Amalawife tinkasonkhana Loweruka ku Hurlingham, kunyumba kwa Mayi Chirwa, kupemphera ndi kumwa tiyi. Tsiku lina panabuka nkhani ya masewera a pa TV, owomberana aja. Ena ankati amawononga ana, ena ankati n'zoseweretsa chabe. Ine ndinaika kapu pansi n'kunena kuti, "Kafukufuku akuonetsa kuti ana atatu mwa anayi alionse osewera zimenezi amachita ndewu."

Kenako bambo wina anafunsa, "Anachitikira kuti, achimwene?"

"Konkuno, ku Westlands."

Pamenepo sindinaname. Kafukufukuyo ndinachita ndekha, m'kasitolo ka makompyuta, tikudikira minibasi, imene kumeneko amati matatu. Ndinafunsa ana anayi. Atatu anavomera kuti anamenyanapo, koma inali ndewu imodzi, ya atatu omwewo, yolimbirana mandazi. Awiri mwa iwo anali anga.

Mayi Chirwa analowa kuchipinda n'kutuluka ndi makina a masewera aja a mwana wawo Yamikani, mphatso imene anam'gulira atakhoza mayeso. Mwanayo anaima pakhomo, akundiyang'ana. Ndikanatha kuulula pomwepo, koma ndinangotenga bisiketi ina.

"Inu ndi amene mukudziwa kuopsa kwake," anatero mayiwo. "Mukataye."

Sindinataye. Kubweza ndinkaopa, poti akanafunsa za kafukufuku uja. Makinawo anakhala kwathu zaka ziwiri, ndipo amene ankasewera kwambiri sanali ana.